Katiriji Yachikasu ya ku Mangalande

Moni inu amene mukuwerenga, kulikonse kumene tsamba ili lakupezani. Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu amene wandisungira mpweya mpaka lero, amene sanandisiye ngakhale pa tsiku limene miyendo inakana kundinyamula m'kashopu kena ku Chegutu. Ndikuthokozanso inu popatula nthawi kuti mumve nkhani ya mayi wa Mvano ndi gemu ya pa TV. Musaseke msanga.

Dzina langa ndine Tabitha. Ndinabadwira m'komboni ya mgodi wa golide ku Battlefields, pafupi ndi Kadoma. Abambo anga anachoka ku Ntcheu wapansi ali mnyamata, nagwira ntchito pansi pa nthaka zaka makumi atatu mpaka chifuwa chinawatenga. Anatisiyira zinthu ziwiri: sutikesi yamalata ndi jasi lakuda lolemera, limene ankavala potuluka mumgodi nyengo yozizira.

Ndinakwatiwa ndi a Simoni, amene ankaluka nsalu pa fakitale ku Kadoma. Tinakumana mu kwaya, iwo akuimba besi, ine mawu apamwamba. Tinapeza nyumba ku Ingezi, dera la ku Kadoma komweko, ndipo Mulungu anatipatsa mwana mmodzi, Rabeka.

Fakitale itayamba kuchepetsa masiku a ntchito, a Simoni anagula kwa amayi amalonda odumpha malire kamakina ka magemu ka ku China, kolumikiza ku TV. Magemuwo ankabwera m'tizibokosi tachikasu totchedwa makatiriji, tokwana m'chikhatho. Ana a m'dera lathu ankabwera kudzasewera pakhonde akaweruka kusukulu, ndipo timakobiri tawo tinkatithandiza kugula ndiwo.

Panali gemu imodzi imene dzina lake linalembedwa m'zilembo zimene palibe ankatha kuwerenga, ndiye ana anangoitcha Mgodi. Kamunthu kovala chisoti cha nyale kankakumba kutsika pansi kufunafuna mnzake amene nthaka inamutsekera. Mwala ukakagwera, pamalopo pankatsala kamtanda kakang'ono koyera. Poyamba ndinkadana nayo chifukwa inkandikumbutsa abambo. Koma Loweruka lina masana a Simoni anandiika choseweretsa m'manja.

"Mwana wobadwira pamgodi angaope kutsika? Tiyeni, mayi a Rabeka, musachititse manyazi a Ntcheu."

Pasanathe miyezi iwiri ndinali nditawaposa. Tinaimaliza limodzi Lamlungu lina titachoka kutchalitchi, mayunifolomu a kwaya tisanavule. Kumapeto kwake kamunthu kaja sikanamupeze mnzake. Kanangopeza chisoti chake nyale ikuyakabe, ndipo pa TV panaoneka nambala 2 yaikulu. Tinafunsa ku Harare, tinatuma amayi opita ku Musina ndi ku Francistown, koma yachiwiriyo sinapezeke.

"Tsiku lina ndidzakupezerani," anatero a Simoni. "Tidzaone ngati anam'peza mnzakeyo."

M'chaka cha 2002 zinthu zinathina. Mafamu ankalandidwa, thonje linachepa, ndipo a Simoni anauzidwa kuti akhale kunyumba mpaka adzaitanidwe. Famu ya cha ku Sanyati imene amayi anga, a Eness, ankatolako thonje chimwalirireni abambo inalandidwanso. Antchito anauzidwa kuti abwerere kwawo, ndipo amayi anafika kwathu ndi mphasa ndi mapoto awiri. Nthawi imeneyo aliyense ankalankhula za ku Mangalande. A Simoni anati apeza munthu ku Harare wowakonzera pasipoti ndi ulendo, ndipo akakakhazikika adzatitumizira matikiti ine ndi Rabeka.

Mpingo wonse unawatsanzika. Abusa anawasanjika manja, kwaya inaimba nyimbo ya apaulendo mpaka amayi analira. Ine ndinawalongedzera m'sutikesi ya abambo ndi kuwaveka jasi lija, poti tinamva kuti kumeneko kumazizira koopsa. Anandikaniza kuwaperekeza ku bwalo la ndege, ati ndingangolira pagulu. Ndinawakweza basi ya ku Harare pa Kadoma pomwepo, ndikubayibitsa mpaka inakhota.

Kuyambira pamenepo mwamuna wanga anasanduka mawu a pa foni ya aneba. Ankaimba kamodzi pamwezi, mwachidule. "Kuno kukuzizira, mayi a Rabeka. Ndili ku Luton, ndikusamalira okalamba. Mapepala anu ndikukonza, pirirani." Makalata sankabwera pa positi. Ankabwera ndi mnzawo Stewart, woyendetsa malole, amene ankati amawalandira kwa anthu otsika ndege ku Harare.

Ndinapirira. Ndinkadzuka m'mawa kuima pa mzere wa ufa, ndikuimba chamumtima za Iye amene sagona tulo polonda anthu ake. Ndinkatchula dzina la a Simoni m'pemphero lililonse, ndikupempha kuti chisanu cha kwa eni chisawalowe m'mafupa.

Amayi okha ndiwo sankakhutira. "Zaka ziwiri, Tabitha, ngakhale chithunzi chimodzi osatumiza? Ana a anzathu amatumiza zithunzi ataima pa chipale chofewa, mano onse panja. Mkamwini wangayu kamera imamuopa?"

"Amayi, munthu ali pantchito usana ndi usiku."

"Chabwino. Ine ndangofunsa."

Mu June 2004 kunabwera kalata yochokera ku Ntcheu. Amalume analemba kuti munda wa agogo ulipo, amayi abwere adzalime, ndipo abwere ndi mwana ndi mdzukulu. Mabanja angapo a mumpingo mwathu, amene anachotsedwa m'mafamu, anali atapangana lole yopita ku Malawi Lolemba loyamba la July, ndipo akuluampingo anali kuthandiza za mapepala apaulendo. Amayi analembetsa mayina atatu.

"Tiye kwathu, mwanawe. Kuno chitupa chako chomwe chimati ndiwe mlendo."

"Nanga a Simoni akatumiza matikiti n'kupeza ndachoka?"

"Ku Ntcheu kulibe foni?"

"Ndinalonjeza pamaso pa Mulungu kuti adzandipeza pamene anandisiya."

Amayi anangopitiriza kusoka thumba lawo la ulendo.

Sabata yomweyo Stewart anabwera ndi phukusi m'pepala la pulasitiki la sitolo ina ya ku Mangalande. Munali masamba a tiyi, masokosi a Rabeka, ndi kanthu kokulungidwa m'nyuzipepala. Nditamasula ndinakhala pansi. Inali katiriji yachikasu, pachithunzi pali kamunthu ka chisoti cha nyale ndi nambala 2. Kakalata kake kanati: "Ndinalonjeza. Ndaipeza m'sitolo muno mu Luton. Muzisewera, koma musamalize ndisanakuoneni."

Ndinalira ndi chimwemwe. Lachinayi ku Mvano ndinaimirira kuchitira umboni, katiriji ili m'chikwama pamodzi ndi buku la nyimbo. Ndinauza amayi anzanga kuti mwamuna amene wakumbukira lonjezo laling'ono chonchi sangaiwale lalikulu. Analulutira, tinaimba nyimbo yoyamika, ndipo nditafika kunyumba ndinauza amayi kuti afafanize dzina langa ndi la Rabeka pa mndandanda wa lole.

Loweruka kunabwera mlendo, Roselyn, mnzanga wa ku Sande sukulu ku Battlefields. Iye ndi namwino ku Mangalande, ndipo anali atabwera kudzaika mwala pa manda a bambo ake. Magetsi analipo tsikulo, ndipo anandipeza pakhonde ndili mkati mwa Mgodi wachiwiri.

"Iwe Tabitha! Duku la Mvano kumutu, gemu m'manja! Abusa amadziwa?"

"Abusa anafika levulo yachitatu n'kugweredwa mwala. Khala apa uone zimene andipezera alamu ako."

Anakhala, akuseka. Kenaka kuseka kunatha, anasendera pafupi ndi TV.

"Iyi ndi ya nambala 2 ya wokumba uja? Ana anga ali nayo, amandisokosa nayo tsiku lililonse. Koma yathu siili chonchi."

"Siili bwanji?"

"Kwathu kuja wokumbayo si munthu, ndi loboti. Ikagweredwa mwala imangophwasuka mawaya n'kudzukanso. Timitanda iti kulibe. Ndipo katiriji yake ndi yotuwa, yaikulu ngati buku la nyimbo. Iyi ati anaigula kuti?"

"Ku Luton."

"Ku Luton? Sisi, ine ndimapemphera ku Luton komweko. A ku Kadoma tonse timadziwana, timadyera limodzi sadza pa Khirisimasi. Ndipatse nambala yawo ndikawaone."

"Alibe foni yawoyawo. Amaimbira pa za anthu."

Roselyn anandiyang'ana, nayang'ana amayi amene ankasankha nyemba pakhomo, ndipo anayamba kukamba za mtengo wa mwala wa pamanda. Ine mtima unawira. Ndinaganiza kuti ndi matama a anthu okwera ndege, oti chilichonse cha kwawo n'chosiyana ndi chathu. Ndinamuperekeza mpaka pageti basi, osafika naye kumsewu. Mulungu andikhululukire, ndinakwiyira munthu wonena zoona.

Lolemba magetsi anathima, ndipo pobwera anabwera ndi mphamvu, kamakina kaja n'kununkha chopserera. Wokonza ma TV wa ku Kadoma anali atapita ku Joni. Anthu anandiuza za a Pitala ku Chegutu, amene anali ndi kashopu kuseri kwa msika, kokonza mawayilesi ndi kutchaja mabatire. Lachitatu ndinakwera kombi, makina ndi katiriji zili m'chikwama.

A Pitala anali bambo wachikulire wa magalasi omangidwa ndi waya. Ndinawapatsa moni m'Chishona, koma atamva dzina la kwathu anasintha pomwepo.

"Aa, ndinu a kwathu! Ine makolo ndi a ku Dedza. Khalani pa batirepo, mayi, mpando ndinagulitsa."

Anatsegula makina, nati ndi kachitsulo kamodzi kapsa, ndidzatenge Lachisanu. Kenaka ndinatulutsa katiriji kuti aone ngati nayonso sinapse. Ndinawauza monyadira kuti yachokera ku Mangalande.

Anaitembenuza kawiri, nandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Ku Mangalande? Ayi, mayi, akunamizani ogulitsa. Gemu iyi ndimaidziwa ngati mwana wanga. Eni ake ndi a kum'mawa, ndipo yachiwiriyi anayamba kuitulutsa kwawo komweko. Kwa azungu inafika patapita zaka zinayi, itasinthidwa. Akuluakulu a kumeneko anakana kuti ana aziona anthu akufa mumgodi, ndiye anachotsa anthu n'kuika maloboti, timitanda n'kufafaniza. Ngakhale nyimbo yake anaichedwetsa. Taonani."

Anasuzumira pansi pa tebulo natulutsa katiriji yotuwa, yaikulu, pachithunzi pali loboti ya nyale pamphumi.

"Iyi ndiye ya ku Mangalande. Ndinaigula pamodzi ndi katundu wa mzungu wina amene ankachoka pafamu. M'makina anuwa singalowe n'komwe. Yachikasu ngati yanuyi imabwera ndi amalonda kudzera ku Dubai ndi ku Joni. M'sitolo ya ku Mangalande simungaipeze."

"Mwina anaigula kwa munthu wina kumeneko," ndinatero, mawu akuchepa.

"Mwina. Tiyeni tione m'kati."

Anamasula tizomangira tiwiri, katiriji inatseguka. M'kati mwa chivundikiro munali kadontho ka penti yofiira ya m'zikhadabo, ndi chilembo P.

A Pitala anaseka. "Onani! Iyi ndi yanga! Zanga zonse ndimaika chizindikiro, kuti munthu asadzabwere ndi yakufa n'kumati anagula kuno. Inakhala pa shelefupo zaka zitatu, ana a kuno amati ndi yovuta. Ndaigulitsa masabata atatu apitawa."

"Kwa ndani?"

"Kwa bambo wina wa kumapuloti, kuseri kwa njanji uko, amadzitcha Moyo. Amabwera Lachisanu lililonse kudzatchaja batire. Amalankhula Chishona chokhachokha, koma tsiku limenelo ataiona pa shelefu anapempha kuti aiyese. Mwala utamugwera anakuwa kuti, 'Mayo ine!' Ndinati, iwe Moyo, Mshona salira chonchi, ndiwe wa kwathu. Anangoseka. Ati akugulira mlongo wake. Mkazi wake Norma ndi amene analandira puloti yolima pa famu yolandidwa, pano ndi woyembekezera. Munthu wabwino ndithu, wamtali, mawu ngati ng'oma. Akamadikira batire amang'ung'udza nyimbo za kwaya."

Apo m'pamene anaona nkhope yanga. Anavula magalasi.

"Mayi, ndalankhula zambiri kodi?"

"Ayi, bambo. Mwalankhula zokwanira. Amabwera nthawi yanji?"

"Cha m'ma teni."

Sindinauze munthu masiku awiri amenewo. Ndinaphika, ndinachapa, ndinaluka Rabeka tsitsi. Lachinayi sindinapite ku Mvano. Ndinagwada m'chipinda masana, koma pemphero linakana kutuluka. Ndinangoti, "Mbuye, Inu mukudziwa kuperekedwa ndi munthu wodya naye m'mbale imodzi. Ngati ndi munthu wina, ndichititseni manyazi ine. Ndidzakondwera nawo manyaziwo." Ndinkafunitsitsa kuti akhale Moyo weniweni, amene anagulitsa katiriji kwa wina, winayo n'kukwera nayo ndege. Maganizo opusa, koma ndinawagwiritsa.

Lachisanu ndinakweranso kombi. Kuti mtima usaphulike ndinkaimba chamumtima, ndipo ndinawerenga: kuchokera pa Kadoma kufika pa Chegutu ndi nyimbo zisanu ndi imodzi. A Pitala anandipatsa makina anga atakonzedwa, nandikhazika kuseri kwa mulu wa ma TV akufa. Kunja kunali mphepo yozizira, fumbi likuuluka pamsika.

Ndinayamba kumva mawu munthu ndisanamuone. Besi ija, ikung'ung'udza nyimbo yomwe kwaya inawaimbira powatsanzika. Kenaka njinga inatsamira khoma, ndipo pakhomo panalowa munthu atanyamula batire, atavala jasi la abambo anga.

Ndinafuna kuimirira, miyendo inakana. Ndinagwira TV, ndinayesanso, ndinaima.

"Mwadzuka bwanji, bambo a Rabeka? Ku Luton kukuzizira?"

Batire inatsala pang'ono kugwa. A Pitala anailandira, natuluka nayo panja.

A Simoni anali ataonda, atada ndi dzuwa, manja atang'ambika ndi khasu. 

"Mayi a Rabeka... mwadziwa bwanji?"

Ndinaika katiriji patebulo, yotsegula, kadontho kofiira kakuonekera. Pambali pake panali yotuwa ija.

"Ya ku Mangalande ndi iyo. Ili ndi maloboti. Mukanafunsa kaye."

Anayang'ana ziwirizo nthawi yaitali. "Ndinkayesa kuti gemu ndi imodzi dziko lonse."

"Ndege munakwera?"

"Ayi."

"Ngakhale kuiona?"

Anakhala pa batire yakale, mutu pansi. "Pasipoti sinatuluke. Ku ofesi anati bambo anga ndi a ku Malawi, ndiyambe ndakana dziko la Malawi. Ku ofesi ya a Malawi anati sakundidziwa. Munthu wokonza uja anati ndingobwera, zonse adzamaliza ku Harare. Nditafika sindinamuonenso. Ndinagona pa renki ya mabasi sabata yathunthu. Kenaka ndinakwera basi yobwerera kunyumba, ndithu ndinakwera. Koma titafika pano ndinakumbukira abusa atandisanjika manja, kwaya ikuimba, inu mukundiveka jasi. Ndinati ndikalowa bwanji mu Ingezi? Ndinatsika. Ndinati ndigwire ganyu mwezi umodzi, ndipeze poyambira."

"Mwezi umodzi."

"Masiku anangopita. Bodza likakula..."

"Ndipo Norma?"

Sanadzutse mutu. "Ndinayamba ngati wantchito pa puloti yake."

"Akudziwa za ine?"

"Amadziwa kuti mkazi wanga anapita ku Malawi kalekale."

Ndinaseka, kuseka koipa kumene sindinadzimvepo. "Ndiye ine munanditumiza ku Malawi, inu n'kudzitumiza ku Mangalande, tonse tili pa msewu umodzi! Nyimbo zisanu ndi imodzi, a Simoni. Ndawerenga lero. Rabeka anadwala malungo chaka chatha, anatsala pang'ono kutisiya, akuitana dzina lanu. Inu munaimba foni n'kunena kuti ndege ndi yodula. Munali pano?"

"Ndinali pa foni ya apo, pafupi ndi positi."

"Ine ndinkapempherera chisanu. Zaka ziwiri ndikuvutitsa Mulungu kuti akufunditseni ku chipale chofewa. Ndinaimirira pamaso pa amayi a Mvano ndi kanthu aka m'chikwama, n'kuchitira umboni. Munandinamiza ine, chabwino. Koma munandichititsa kunena bodza m'nyumba ya Mulungu, ndikuyamika."

"Sindinakuiwaleni, mayi a Rabeka. Nditaiona pa shelefu paja ndinalira. Ndinati chimodzi chokha ndikwaniritse."

Ndikhulupirira kuti apo ananena zoona, ndipo n'chimene chinandipweteka koposa. Akanakhala munthu woipa chabe, bwenzi zili zosavuta.

"Mukanabwera," ndinatero. "Mukanabwera ndi sutikesi yopanda kanthu, anthu akanaseka sabata imodzi. Ine ndikanakuphikirani. Mumandiyesa ndinakwatiwa ndi ndege?"

Analira. Ndinawasiya alire. Kenaka anati, "Ndipatseni nthawi. Norma akachira ndidzakonza zonse. Mundidikire pang'ono."

"Vulani jasi."

"Mayi a Rabeka, kunja kukuzizira, ndili pa njinga..."

"Ndi la abambo anga. Linapita ku Mangalande, ndipo labwerako. Vulani."

Anavula. M'kati anali ndi malaya ong'ambika pamapewa, amene ndinawasokera ndekha kalelo. Ndinapinda jasi, ndinaliika pamkono. Linkanunkha utsi wa nyumba ya mkazi wina.

Ndili pakhomo anafunsa ndi mawu aang'ono, "Munaimaliza? Anam'peza mnzake uja?"

"Munati ndisamalize musanandione. Mwandiona. Sindidzaimaliza."

Panja a Pitala anali ataima pafupi ndi njinga, akunamizira kuyang'ana tcheni. Ndinawauza kuti katiriji aibwezere pa shelefu.

"Pepani, mayi. Pakamwa panga..."

"Musapepese. Mulungu anagwiritsa ntchito penti yanu ya m'zikhadabo."

Nditafika ku Ingezi amayi anali pakhonde. Anaona jasi pamkono panga. Anaimirira pang'onopang'ono, nalitenga, nalifungatira ngati mwana.

"Ali moyo?"

"Ali moyo. Ali ku Chegutu."

Sananene kuti ndinakuuza. Anangoti, "Dzina lako sindinafafanize."

Rabeka ndinamuuza zoona tsiku lomwelo, mwa mawu oti mwana wa zaka zisanu ndi zinayi angamve. Anandiyankha m'Chishona monga mwa chizolowezi chake, kufunsa ngati bambo ake abwera Lamlungu popeza ali pafupi. Ndinati sindikudziwa. Anakhala pageti Lamlungu masana onse. Sanabwere.

Lamlungu lomwelo, mapemphero atatha, ndinapempha amayi a Mvano kuti atsalire pang'ono. Ndinaimirira pamalo pomwe ndinaimirira poyamba, ndipo ndinati umboni umene ndinapereka unali wabodza, ngakhale sindinkadziwa, ndipo ndabwera kudzaubweza. Palibe analulutira. Mayi wina wachikulire anayambitsa nyimbo motsitsa, ya Mbusa wofunafuna yotayika, ndipo ena analandira. Roselyn anali pomwepo. Ndinamupepesa, iye n'kundikumbatira mpaka duku linagwa.

Makina ndi makatiriji ena ndinasiyira aneba a foni aja, kuti ana a ku Ingezi asasowe kosewerera. Lolemba m'mawa tinakwera lole, mabanja asanu ndi awiri, mbuzi imodzi, ndi mapoto osawerengeka. Msewu wopita ku Malawi umadutsa pa Chegutu. Titafika pamenepo Rabeka anaimirira kugwira zitsulo, akuyang'ana munthu aliyense wa pa njinga. Amayi anamukokera pansi, namufunditsa mbali imodzi ya jasi, mbali inayo anafunditsa ine. Wina anayambitsa nyimbo yachisanu ndi chiwiri, ndipo tinapitirira.

Mundifunsa ngati ndinakhululuka. Ndimapempha tsiku lililonse kuti ndikhululukidwe monga ndikhululukira ena, ndipo pa mawu amenewo lilime limalemerabe. Masiku ena ndimatha kupempherera a Simoni, Norma ndi mwana wawo, amene sanalakwe kanthu. Masiku ena ndimangofika pa dzina n'kuima. Mbuye amadziwa kuti ndikuyesa, ndipo sanandithamangitse.

Tsopano inu amene mwayenda nane mpaka pano, Mulungu wa alendo ndi wa amayi odikira pageti akusungeni. Akutetezeni ku lonjezo lokoma lopanda choonadi, ndipo ngati choonadi chili chowawa, akupatseni miyendo yoimirira pochilandira. Ngati ndinu amene munatsika basi musanafike kwanu chifukwa cha manyazi, akupatseni mtima wokweranso lero lomwe. Mtendere wake ukufunditseni inu ndi a m'nyumba mwanu, pozizira ndi potentha. Amen.